Kompyuta ya M'chipinda 12 Imene Inkadzuka Lolemba Lililonse

KOMITI YOONA ZA MAKOMPYUTA NDI NETIWEKI
Zolembedwa za msonkhano wachisanu ndi chimodzi wa chaka chino

Tsiku: Lachitatu, pa 11 Juni 2025
Malo: Chipinda chochitira misonkhano, nsanjika yachiwiri
Nthawi yoyambira: 9:20 m'mawa, m'malo mwa 9:00

Amene analipo
1. Mkulu wa ojambula mapu, Wapampando
2. Katswiri wa makompyuta, amene tonse timawatcha a Muyatsenso
3. Mkulu wa zachitetezo, odziwika kuti a Ndime
4. Woyang'anira katundu, a Kangolo
5. Mlembi

Woitanidwa: Mayi osesa a nsanjika yapansi, pa mfundo 4.
Opepesa: Woimira oyeza malo, amene ali kuthengo ndi zipangizo zawo sabata yachitatu tsopano.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anapepesa chifukwa chochedwa kuyamba. Anati chotichedwetsa chinali kiyi wa chipinda, amene anapezeka m'thumba mwawo titamufunafuna mphindi makumi awiri. Kenaka anathokoza a Kangolo chifukwa chowapezera mpando wabwino wokhala ndi poika mikono ndi katsamiro kumsana, ndipo anati msana wawo wayamba kuwakhululukira. A Kangolo anati si kanthu, ntchito yawo ndi imeneyo. Atafunsidwa kumene mpandowo unachokera, anayankha kuti m'nyumba momwe muno.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga zolembedwazo. A Ndime anapempha kuti pamene palembedwa kuti iwo "anakalipa" pakonzedwe, palembedwe kuti "anatsindika". Mlembi anavomera kukonza, ngakhale kuti kutsindikako anakumva ndi a nsanjika yachitatu omwe. Zolembedwa zinavomerezedwa.

3. Lipoti la Tsache

3.1 Wapampando anapempha a Muyatsenso kuti afotokozenso nkhani ya Tsache kuyambira pachiyambi, ngati akufotokozera azakhali awo, chifukwa ulendo watha mamembala anangogwedeza mitu mwaulemu.

A Muyatsenso anati pa seva yathu pali kaundula wotchedwa DNS, momwe mumalembedwa dzina la kompyuta iliyonse pamodzi ndi adiresi yake ya pa netiweki. Anati adiresizo ndi zobwereka. Kompyuta ikakhala nthawi yaitali osayatsidwa, adiresi yake imapatsidwa ina, koma dzina lakale limatsala m'kaundula likulozabe pomwepo. Anakumbutsa komiti zimene zinachitika mu Januwale, pamene iwo ali mu ofesi yawo anazimitsa kompyuta ya mkulu wina amene anapuma ntchito chaka chatha, n'kupezeka kuti yazima ndi laputopu ya Wapampando, ali pakati poonetsa mapu kwa alendo. Wapampando anati chitsanzo chimenecho tachimva kokwanira.

3.2 A Muyatsenso anati n'chifukwa chake mu Febuluwale anayatsa dongosolo loti seva izichotsa yokha mayina akale, limene pano timalitcha Tsache. Kompyuta ikayatsidwa imadziwitsa seva kuti ilipo, ndipo seva imalemba tsikulo pambali pa dzina lake. Masiku asanu ndi awiri oyamba seva silembanso tsiku latsopano, masiku ena asanu ndi awiri imadikira. Akakwana masiku khumi ndi anayi kompyuta ili zii, Tsache limasesa dzinalo.

3.3 Anati mwezi woyamba Tsache linasesa mayina 63, ndipo iwo anayenda monyadira sabata yathunthu. Koma kuyambira mu Epulo lasesa mayina awiri okha, pamene aliyense akudziwa kuti oyeza malo asanu ndi mmodzi amatha mwezi ali kuthengo, ndipo ena ali patchuthi. Anati anatha milungu itatu akuganiza kuti Tsache lawonongeka. Analizimitsa, analiyatsanso. Mamembala sanadabwe.

3.4 Atafufuza m'zolemba za seva, anapeza kuti makompyuta khumi ndi imodzi a anthu amene palibe akumayatsidwa kamodzi pa sabata, kenaka n'kuzimitsidwa. Imene inawadetsa nkhawa kwambiri ndi ya m'chipinda 12, cha Bambo a Mafayilo, kalaliki wosunga mafayilo a malo, amene ali kunyumba kuyambira mu Malichi atadwala sitiroko. Kompyuta yawo imadzuka Lolemba lililonse 6:10 m'mawa, imakhala mphindi khumi ndi ziwiri, n'kugonanso. A Muyatsenso anavomereza kuti analembera kulikulu kuwauza kuti tili ndi wakuba wa pa netiweki wosunga nthawi kwambiri, amene sabanso kanthu.

4. Nkhani ya m'chipinda 12

4.1 A Ndime anati atalandira lipotilo anachita zimene katswiri sakanatha, ndiko kudzuka m'mawa. Lolemba lapitali anakhala kuseri kwa kabati ya mafayilo kuyambira 5:45, ndipo 6:10 analowa Mayi osesa ndi ndowa ndi chokolopera, n'kudina batani la kompyuta. Anawerenga Ndime 9 ya malamulo a kampani, imene imati wogwira kompyuta ya mnzake popanda chilolezo cholembedwa achotsedwe ntchito. Anatsindika kuti ndimeyo ilibe "koma", ndipo anapempha komiti kuti itumize dzina la Mayi osesa kwa abwana oona za antchito lero lomwe.

Mlembi alembe pano kuti Mayi osesa agwira ntchito pakampani ino zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo chipinda chimene tinakhalamo anachikolopa ndi iwo omwe m'mawa wa tsikulo, ngakhale si nsanjika yawo.

4.2 Mayi osesa anaitanidwa. Analowa atavala epuloni yawo, anapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, ndipo anakana kukhala. Anayang'ana mpando wa Wapampando kwa kanthawi ndithu.

Wapampando anawafunsa ngati n'zoona kuti amayatsa kompyuta ya m'chipinda 12. Anati n'zoona. Anafunsidwa ngati amadziwa mawu achinsinsi olowera. Anati ayi, ndipo sawafuna. Mawu awo anali akuti: "Ine ndimangodina, ndidikire kuti dzina lawo lioneke, ndikolope. Ndikamaliza kukolopa ndimazimitsa mwaulemu, pakona paja pa sikirini. Sindizula pakhoma, anandiphunzitsa a polandirira alendo." A Muyatsenso anati pa zimenezi Mayi osesa akuposa theka la ojambula mapu.

4.3 Atafunsidwa chifukwa chake, Mayi osesa anati iwo za DNS sazidziwa, amadziwa zimene anaona. Anati mwezi umene Tsache linayamba, a Kangolo ankayenda m'makonde ndi pepala m'manja, akukankha kangolo kawo. Chipinda chilichonse chimene chinali papepalalo, kompyuta inkakwera kangolo, mawa lake desiki n'kupatsidwa munthu wina. Anati woyeza malo wina, wamtali uja, anabwera kuchokera kuthengo nsapato zili matope okhaokha, n'kupeza pamalo pake pali poto wa maluwa. Anakhala masiku anayi akugwirira ntchito pawindo la m'khonde.

"Ndiye ndinafunsa kuti pepala lija limachokera kuti. Anandiuza kuti ndi mayina amene asesedwa. Ndinati basi, Bambo a Mafayilo akangotha masiku khumi ndi anayi, kangolo kafika. Munthu akudwala, abwere adzapeze maluwa?"

4.4 Wapampando anafunsa a Kangolo ngati zili choncho. A Kangolo anati iwo amatsata pepala. Anati a Muyatsenso amawatumizira mndandanda wa mayina osesedwa Lachisanu lililonse, ndipo munthu sangakutumizire mndandanda kuti uzingouyang'ana. A Muyatsenso anati ankatumiza kuti a Kangolo adziwe chabe. A Kangolo anati kudziwa kwawo iwo n'kwa kangolo. Zinapezeka kuti m'zigamulo zonse za komiti ino mulibe pamene tinanena kuti dzina likasesedwa kompyuta itengedwe. Mulibenso pamene tinanena kuti isatengedwe. Mlembi anafufuza kawiri, komiti ikudikira.

4.5 Wapampando anafunsa Mayi osesa ngati Bambo a Mafayilo ndi achibale awo. Anati ayi. Anati anayamba ntchito tsiku limodzi, ndipo anaima pamzere umodzi pojambulitsa ziphaso, iwo kutsogolo, Bambo a Mafayilo kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo amaitanana kuti "anzanga a pamzere". Anati Lamlungu lililonse masana amapita kukawaona. Matenda anawafooketsa dzanja lamanja n'kuwamanga lilime, moti mawu amatuluka amodziamodzi, movutikira. Mnzawo wina wa kuntchito atapita kukawazonda anawafotokozera za kangolo, mocheza chabe, ndipo kuyambira pamenepo Mayi osesa akangolowa pakhomo, asanakhale n'komwe, Bambo a Mafayilo amafunsa liwu limodzi: "Dzina?" Iwo amayankha kuti lilipo. Akamva zimenezo m'pamene amalola kuti akazi awo awagwire dzanja n'kuyamba zolimbitsa thupi zimene anauzidwa kuchipatala.

Mayi osesa anati ntchito akuifuna, ali ndi adzukulu awiri pakhomo, sangabise. Koma chimene chikuwasowetsa mtendere kuyambira Lolemba n'chakuti akachotsedwa, Lamlungu likubwerali adzayankha chiyani, popeza bodza satha.

Mlembi anamva chisoni, ndipo walemba zimenezi podziwa kuti chisoni sichilowa m'zolembedwa za msonkhano.

4.6 A Ndime anati nkhaniyo ndi yogwira mtima, koma Ndime 9 ndi Ndime 9. Anati tikayamba kusankha oti lamulo liwagwire, mawa aliyense azidina batani la mnzake.

A Muyatsenso anati popeza lamulo silisankha, ndi bwino awerenge makompyuta ena khumi otsalawo, ndi nthawi zimene amadzuka. Wapampando anati mwina nthawi yatha. A Muyatsenso anati ndi 10:15.

Anayamba ndi kompyuta ya Woimira oyeza malo, membala wa komiti ino amene wapepesa. Imadzuka Lachisanu lililonse 10:05, nthawi ya tiyi. Chipinda chawo chili ndi makiyi awiri, wina ali ndi eni ake kuthengo, wina amasunga mkulu wa ojambula mapu. Wapampando anatsokomola, anamwa madzi, kenaka anati iwo amalowamo kukathirira duwa, ndipo mwina chigongono chimagunda batani. A Muyatsenso anati chigongonocho chimabwereranso 10:20 kudzazimitsa.

Yachiwiri inali ya wojambula mapu amene ali patchuthi cha uchembere. Mlembi sanadikire kuti nthawi iwerengedwe. Anauza komiti kuti ameneyo ndi mlamu wake, ndipo amayatsa ndi iyeyo, Lachiwiri. Mlembi walemba izi ndi dzanja lake.

Ina inali ya dalaivala wamkulu, amene amaigwiritsa ntchito kamodzi pamwezi polemba maulendo. A Kangolo anati imeneyo amayatsa ndi iwo, chifukwa akaitenga ayenera kuitsitsa masitepe awiri, ndipo ndi yolemera, yakalekale. Komiti inaona kuti a Kangolo akhala akubisira kangolo kawo komwe katundu.

A Ndime anati zimenezi zikungosonyeza kuti vutoli ndi lalikulu, ndipo mayina onse atumizidwe. Wapampando anafunsa kuti adzasaine kalatayo ndani.

4.7 A Muyatsenso anati yatsala imodzi, imene sinalowe pa khumi ndi imodzi zija chifukwa mwini wake anabwerera. Anati mu Epulo ndi Meyi, kwa milungu isanu, kompyuta ya mu ofesi ya zachitetezo inkadzuka Lolemba lililonse 6:25, n'kukhala mphindi zisanu ndi zitatu. Inali nthawi imene a Ndime anali kumaphunziro a za moto.

Mayi osesa anati: "Chipinda chanu n'chaching'ono, achimwene, sichichedwa kukolopa."

A Ndime anafunsa kuti anawatuma ndani. Mayi osesa anati palibe. Anati anaona a Kangolo ataima pakhomo la ofesiyo akuyeza desiki ndi maso. A Kangolo anavomera, ndipo anawonjeza kuti desikiyo ikanakwana bwino kwa a polandirira alendo, komanso kabati yachitsulo ya mu ofesimo anali ataipezera kale malo.

A Ndime anatsegula buku la malamulo, analitseka, analitembenuza. Kenaka anati akawerenga bwinobwino, Ndime 9 ikunena za chilolezo cholembedwa, koma sikunena kuti chilolezocho chilembedwe liti. Anapempha pepala. Mlembi anawapatsa, pamodzi ndi cholembera, chimene sichinabwerebe.

5. Zigamulo

5.1 Pempho lotumiza dzina la Mayi osesa kwa abwana oona za antchito linachotsedwa ndi mwini wake. A Ndime anapempha kuti palembedwe kuti analichotsa mwakufuna kwawo. Palembedwa.

5.2 Tsache lipitirize kugwira ntchito, chifukwa vuto la mu Januwale palibe akulifunanso. Koma a Muyatsenso atalikitse nthawi yodikira kuti dzina lizisesedwa pakatha masiku 35, poti pakampani ino munthu kukhala mwezi kuthengo ndiye kuti akugwira ntchito. A Muyatsenso anati akatero ayeneranso kutalikitsa nthawi yobwereketsa adiresi kuti ziwirizi ziziyendera limodzi, ndipo anayamba kufotokoza chifukwa chake. Komiti inawakhulupirira asanamalize.

5.3 Mndandanda wa mayina osesedwa usapitenso kwa a Kangolo. Kompyuta kapena desiki ya munthu isachotsedwe pokhapokha ngati pali kalata ya mkulu wa gawo lake. A Kangolo anafunsa kuti ndiye Lachisanu azichita chiyani. Wapampando anati angayambe ndi kubweza poto wa maluwa kumene anamutenga.

5.4 A Muyatsenso alembere kulikulu kuti wakuba uja wapezeka ndipo nkhani yatha. Asafotokoze zambiri.

5.5 Pa za chipinda 12, a Muyatsenso anati m'kaundula muli mayina ena amene Tsache siliwakhudza, monga a maseva ndi a makina osindikizira. Amenewa amalembedwa pamanja, amapatsidwa adiresi yawoyawo yosabwereketsa, ndipo pambali pawo sipalembedwa tsiku, choncho sakalamba. Anati palibe choletsa kuti kompyuta ya Bambo a Mafayilo ilembedwe chimodzimodzi. Komiti yonse inavomereza. A Muyatsenso anachita zimenezi pomwepo pa laputopu yawo, tonse tikuona pakhoma kudzera pa pulojekita. Dzina la chipinda 12 linaoneka pakati pa seva ya mapu ndi makina osindikizira aakulu, ndipo pamene pamakhala tsiku panalembedwa kuti ndi lokhazikika.

Mayi osesa anayandikira khoma, anawerenga mzerewo ndi chala, n'kufunsa ngati ndiye kuti ngakhale iwo atadwala Lolemba dzinalo likhalapobe. A Muyatsenso anati likhalapo mpaka munthu adzalichotse ndi manja, ndipo munthuyo ndi iwo, ndipo sadzatero. Mayi osesa anapempha kuti awasindikizire mzerewo papepala, zilembo zikhale zazikulu.

5.6 A Muyatsenso anauza Mayi osesa kuti tsopano palibe chifukwa choyatsira kompyutayo. Mayi osesa anati amva, koma anazolowera kupereka moni dzina likaoneka, ndipo kukolopa chipinda chili zii sikukoma. Apa a Ndime anapereka pepala limene ankalemba lija. Linali chilolezo, motsata Ndime 9, choti Mayi osesa aziyatsa kompyuta ya m'chipinda 12 Lolemba lililonse, kuyambira mu Malichi wapitayu mpaka mwini wake adzabwere. Pansi pake anawonjezera mzere wa ofesi ya zachitetezo, wa Epulo ndi Meyi.

6. Zina ndi zina

6.1 Pepala la dzina litasindikizidwa, linazungulira tebulo ndipo aliyense anasaina kumunsi ndi mawu a mafuno abwino. A Ndime anasaina koyamba, ndi cholembera cha Mlembi.

6.2 Wapampando, Mlembi ndi a Kangolo anapempha zilolezo zawo nawonso. A Ndime anati adzaziona mmodzimmodzi, ndipo cha chigongono chidzafuna kufufuza kwapadera.

6.3 A Kangolo anadandaula kuti gudumu limodzi la kangolo likulira. Mayi osesa, ali pakhomo potuluka, anapempha kuti lisakonzedwe, chifukwa ndi limene limachenjeza anthu. Nkhaniyi inasiyidwa kuti idzakambidwe pamsonkhano wina.

7. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachitatu pa 9 Julaye 2025, 9:00 m'mawa, m'chipinda chomwechi. Kiyi adzasunga Mlembi. Wapampando anathokoza onse, ndipo anatseka msonkhano 11:05.

Chowonjezera cha Mlembi, Lolemba pa 16 Juni

Zolembedwazi zisanasainidwe, Mayi osesa anafika mu ofesi ya Mlembi m'mawa uno ndi kupempha kuti komiti imve zotsatirazi, ndipo Wapampando alola kuti zilowe.

Anati dzulo atalowa pakhomo, Bambo a Mafayilo anafunsa monga mwa masiku onse kuti, "Dzina?" Iwo anangowapatsa pepala lija. Bambo a Mafayilo analigwira ndi dzanja lamanzere, analiwerenga nthawi yaitali, mzere wa dzina ndi masaini onse, kenaka analisamutsira ku dzanja lamanja, lodwala lija, ndipo silinagwe. Akazi awo anatuluka panja kukapukuta m'maso. Atabwerera, Bambo a Mafayilo anayang'ana Mayi osesa n'kutulutsa mawu amene sanawanenepo chidwalireni, atatu motsatizana: "Nanga mpando wanga?"

Mayi osesa anati bodza satha, choncho anawauza kumene uli.

Mlembi akutsimikiza kuti 8:40 m'mawa uno Wapampando anaoneka pamasitepe atasenza mpando wokhala ndi poika mikono ndi katsamiro kumsana, akutsikira ku chipinda 12. A Kangolo anafuna kuwabwereka kangolo, koma Wapampando anakana. Zolembedwazi asaina ataimirira.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________